Kodi Ndi Mano Kapena Ndi Matenda? Zoyenera Kuchita Mwana Akamavuta pa Nthawi Yomera Mano

Kuyambira pa miyezi pafupifupi 6 kufikira zaka 3, mwana amamera mano 20, ndipo m'nyengo yomweyi ndi mmenenso amadwaladwala kwambiri. Popeza zinthu ziwirizi zimayendera limodzi, amayi ambiri akaona mwana watentha thupi kapena watsegula m'mimba, n'kumuyang'ana m'kamwa n'kupeza nkhama zatupa, amangoti, "Ndi mano awa, zisiya zokha." Kawirikawiri zimasiyadi zokha, chifukwa matenda ambiri a ana amatha popanda mankhwala, ndipo zikatero chikhulupirirocho chimalimba. Koma alipo ana ena amene matenda awo satha okha, ndipo kwa iwo masiku awiri kapena atatu otayika podikira kuti dzino lituluke amachititsa kuti akafike kuchipatala atafooka kale.

Mayi amene akunena kuti mwana wake wasintha sakunama, ndipo palibe amene amamudziwa mwanayo kuposa iye. Zimene waona n'zoona: mwana akulira, sakugona, chimbudzi chasintha. Pamene pamasokonekera ndi potchula chimene chayambitsa zimenezo, chifukwa dzino limaoneka ndi maso pamene kachilombo koyambitsa matenda sikaoneka.

Mmene mano amamerera

Mano amayamba kupangika mwana akadali m'mimba, cha pa sabata ya 6 ya pakati, ndipo akamabadwa onse 20 amakhala alipo kale m'kati mwa nsagwada ngakhale kuti sanakhwime. Loyamba limatuluka cha pa miyezi 6, koma ana ena amayamba pa miyezi 4 ndipo ena amakwanitsa chaka alibe dzino ngakhale limodzi, zonsezi popanda vuto lililonse. Amayamba ndi awiri akutsogolo a m'munsi, pakati pa miyezi 6 ndi 10, kenaka awiri akutsogolo a m'mwamba pakati pa miyezi 8 ndi 12, ndiyeno oyandikana nawo. Mano oyamba otafunira a kuchibwano amamera pakati pa miyezi 13 ndi 19, osongoka a m'mbali amatsatira pakati pa miyezi 16 ndi 23, ndipo omaliza a kuchibwano amatuluka pakati pa miyezi 23 ndi 33.

Dzino silichita kung'amba nkhama. Thupi lenilenilo limakonza njira pochotsa pang'onopang'ono minofu imene ili pamwamba pa dzinolo, n'chifukwa chake nthawi zambiri sipatuluka magazi. Pamalopo pamatupa pang'ono, pamafiira ndi kuyabwa, ndipo mavuto enieni a kumera mano amachokera pamenepa, m'kamwa ndi mozungulira m'kamwa basi.

Zimene ofufuza anapeza atatsatira ana tsiku ndi tsiku

Kuloza mano pa matenda a ana si maganizo a amayi okha, ndipo sikunayambe lero. Zaka zoposa 2,000 zapitazo Hippocrates, dokotala wotchuka wa ku Greece, analemba kuti ana omera mano amatentha thupi, amatsegula m'mimba ndi kukomoka, ndipo madokotala anatsatira maganizowa kwa zaka mazanamazana. Mu 1842 ku London, kumera mano kunalembedwa ngati chimene chinapha ana pafupifupi 5 pa 100 alionse amene anamwalira asanakwanitse chaka. Lero tikudziwa kuti ana amenewo anafa ndi matenda ena, ndipo ena mwa iwo anafa ndi chithandizo chimene anapatsidwa.

Mu 2000 munatuluka zotsatira za kafukufuku wa ku Cleveland, m'dziko la United States, amene anatsatira ana 125, makolo awo akulemba tsiku lililonse kutentha kwa thupi ndi zizindikiro zina, ndipo m'nthawiyo munamera mano 475. Anapeza kuti zizindikiro zimaonekera m'masiku 8 okha: masiku 4 dzino lisanatuluke, tsiku lotuluka, ndi masiku 3 otsatira. M'masiku amenewa ana ankaluma zinthu, kuchucha dovu, kukhula nkhama, kuliralira, kudzidzimuka kutulo, kugwiragwira makutu, kutuluka tiziphuphu pankhope, kuchepetsa kudya zakudya zolimba ndi kufunda thupi pang'ono. Koma kutsegula m'mimba, kusanza, chifuwa, kukana zakumwa ndi kutentha thupi kwambiri sizinagwirizane ndi kumera mano. M'chaka chomwecho kafukufuku wina wa ku Melbourne, ku Australia, anatsatira ana 21 ndipo sanapeze kuti masiku omera mano anali ndi kutentha thupi kapena kutsegula m'mimba kuposa masiku ena, ngakhale kuti makolo a ana omwewo atafunsidwa pambuyo pake ananena kuti ana awo anavutika ndi mano. Mu 2016 akatswiri ena anaphatikiza akafukufuku a m'mayiko osiyanasiyana n'kupeza kuti ana pafupifupi 70 pa 100 alionse amaonetsa chizindikiro china, makamaka kuyabwa kwa nkhama, kuliralira ndi dovu, ndiponso kuti thupi limafunda pang'ono koma osafika pa kutentha kwa matenda.

Tsono n'chifukwa chiyani amayi ambiri chonchi, m'mayiko otalikirana, amaona chinthu chimodzimodzi? Yankho lina lili m'masamu. Ngati dzino lililonse lili ndi masiku ake 8, mano 20 angathe kutenga masiku okwana 160, choncho matenda alionse amene angamugwire mwana ali ndi mwayi waukulu wopeza dzino lili m'njira. Yankho lina lili m'thupi la mwanayo. Chitetezo chimene anatenga kwa mayi ake asanabadwe chimakhala chitachepa pofika miyezi 6, pamene chake chenicheni chikukhwima kumene. Ndi pa msinkhu womwewu pamene amayamba kudya zakudya zina kuwonjezera pa bere, amayamba kukwawa, ndipo chilichonse chimene watola pansi amachiika kukamwa.

Dovu ndi tiziphuphu pachibwano

Mwana wa miyezi 3 kapena 4 akayamba kuchucha dovu ndi kuyamwa zala, ambiri amayembekezera dzino sabata yomweyo, kenaka amadabwa miyezi ikudutsa osaona kanthu. Pa msinkhu umenewu malovu amayamba kuchuluka pamene mwana sanadziwe kuwameza bwino, choncho dovu lokha silitsimikizira kuti dzino layandikira. Dovu lilibe vuto, kupatula kuti likakhalitsa pakhungu limaputa tiziphuphu pachibwano, m'masaya ndi m'mapindi a khosi. Mupukuteni ndi kansalu kofewa mochita kugunditsa, osati mokhula, m'sintheni malaya akanyowa, ndipo pakani mafuta a Vaseline pang'ono pamalo pofiirapo kuti chinyezi chisafike pakhungu. Tiziphuphu tikafalikira pamimba, kumsana kapena m'manja ndi m'mapazi, timeneto si ta dovu ayi, ndipo mwana akaonedwe kuchipatala. Akayambanso kuchucha dovu mwadzidzidzi, akulephera kumeza kapena kupuma, pitani nthawi yomweyo, chifukwa n'kutheka kuti chinthu chamutsamwa kapena pakhosi patupa.

Nkhama zotupa ndi kuluma zinthu

Sambani m'manja ndi sopo, mugoneke mwana pamiyendo panu pamalo owala, ndipo yendetsani chala pang'onopang'ono pankhama. Pamene dzino layandikira mudzamva kachotupa kolimba, ndipo nthawi zina kamzere koyera kamaonekera pansi pa khungu lopyapyala. Kukhula malo amenewa ndi chala kwa mphindi imodzi kapena ziwiri kumam'pumulitsa mwana, ndipo mudzaona kuti poyamba amakana, kenaka amayamba kuluma chalacho mwamphamvu. Kansalu kochapa bwino konyowetsa ndi madzi ozizira, kapena chotafunira cha ana cha labala cholimba chimene chaziziritsidwa m'firiji, zimathandizanso. Musachiike kumene kumaumitsa madzi kukhala ayezi, chifukwa chikauma gwa chimavulaza nkhama. Zinthu zimene zingabenthuke, monga tizidutswa ta zakudya zolimba, zingathe kum'tsamwa, ndipo mwana asasiyidwe yekha ali ndi chinthu kukamwa.

Nthawi zina pamwamba pa dzino, makamaka la kuchibwano, pamatuluka chotupa chofewa chabuluu kapena chakuda chokhala ndi madzi kapena magazi pang'ono. Chimaopsa pochiona, koma kawirikawiri chimaphulika chokha dzino likatuluka. Musachiboole. Chikayamba kutuluka mafinya, kapena tsaya likatupa, m'pamene pakufunika dokotala.

Kulira ndi kusagona usiku

Kuvuta kwa mano kumabwera ndi kupita, ndipo mwana amatonthola mukamunyamula, mukamuyamwitsa kapena mukam'patsa chotafuna. Kusagona kumene kwatenga masabata awiri kapena atatu sikungakhale kwa dzino limodzi. Cha pa miyezi 8 kapena 9 ana amayamba kuzindikira kuti mayi achoka, choncho akadzidzimuka usiku amalira pofuna kutsimikiza kuti alipo, ndipo ichi ndi chizindikiro cha kukula. Kulira kumene kuyenera kukudetsani nkhawa ndi kuja kosatonthozeka kwa maola angapo, kwa mawu okwera achilendo, kapena kobwera mwa apo ndi apo mwana akupinda miyendo kupita pamimba n'kutuwa. Chodetsa nkhawa koposa ndi mwana amene wangoti zii, sakusewera, sakukuyang'anani ndipo akuvuta kudzutsa.

Kukana chakudya ndi kuluma bere

Mwana angathe kukana zakudya zolimba kwa masiku angapo chifukwa supuni ikukhudza pamalo potupa. M'patseni zofewa ndi zozizirirapo, pang'onopang'ono, osam'kakamiza. Koma kukana bere ndi zakumwa zonse ndi nkhani ina, ndipo bungwe la World Health Organization limakuika m'gulu la zizindikiro zoopsa zofunika chipatala mwamsanga, pamodzi ndi kusanza chilichonse, kukomoka ndi kulefukiratu.

Pa za kuluma, mwana amene akuyamwa bwino sangalume, chifukwa lilime lake limakhala litaphimba mano a m'munsi. Amaluma akakhuta kapena akayamba kusewera. Mukaona kuti wasiya kumeza, lowetsani chala pangodya ya pakamwa pake n'kumuchotsa kubere modekha, ndipo musanamuyamwitse mungayambe mwam'khula nkhama. Kumera mano si chifukwa chosiyitsira mwana kuyamwa.

Kutentha thupi

Apa m'pamene pamatayika ana, choncho mpofunika kukhalitsapo. Dzanja limanyenga, makamaka la munthu amene ali ndi nkhawa kapena amene wangochoka kumene pamoto, ndipo ngati n'kotheka pakhomo pakhale choyezera kutentha kwa thupi. Chiikeni m'khwapa mouma, gwirani mkono wa mwana kuti utsamire pathupi, ndipo dikirani mpaka chilire. Dzino lingathe kukweza kutentha pang'ono, koma muyezo ukafika 38°C kapena kupitirira, muuone ngati wa matenda, ngakhale dzino likuoneka poyera. Mwana angathe kumera dzino ndi kudwala pa nthawi imodzi.

Mwana wosakwana miyezi 3 akafika 38°C apite kuchipatala nthawi yomweyo, usiku kapena usana, ndipo pa msinkhu umenewo nkhani ya mano palibe n'komwe. Kumadera kumene kuli malungo, mwana aliyense wotentha thupi ayezedwe magazi pasanathe maola 24, chifukwa mwa mwana wamng'ono malungo amakula msanga, ndipo m'masiku oyamba sasiyana ndi kufooka kumene anthu amati n'kwa mano.

Pali matenda ena amene amabisala bwino kuseri kwa dzino chifukwa alibe chizindikiro chooneka. Matenda a m'njira ya mkodzo ndi amodzi mwa iwo: mwana amangotentha thupi, kuliralira ndi kuchepetsa kuyamwa, ndipo amadziwika pokhapokha mkodzo ukayezedwa, pamene akachedwa kuchizidwa angathe kuwononga impso. Ena ndi a roseola, ofala pakati pa miyezi 6 ndi zaka 2, amene amatenthetsa thupi kwambiri kwa masiku 3 mpaka 5, kenaka kutentha kukatsika pamatuluka tiziphuphu pathupi. Matenda oumitsa khosi mwa khanda sayamba ndi kuuma khosi nthawi zonse, koma ndi kulira kwachilendo, kugona kwambiri, kusanza ndi liwombo lotukuka. Katemera nayenso angatenthetse thupi kwa tsiku limodzi kapena awiri, ndipo wa chikuku amatero patapita masiku 7 mpaka 12, pamene makolo ayiwala kale za jakisoniyo. Ndionjezere pano kuti kumera mano si chifukwa chozengerezera katemera.

Ngati pali chifuwa, vulani mwana malaya ali phee ndipo werengani kukwera kwa chifuwa chake kwa mphindi yathunthu. Kupuma ka 50 kapena kuposerapo pa mphindi kwa mwana wa miyezi 2 mpaka 11, kapena ka 40 kwa wa chaka chimodzi mpaka zaka 5, ndi chizindikiro cha chibayo, monganso kulowa kwa m'munsi mwa chifuwa pokoka mpweya. Mwana akakomoka thupi likugwedezeka, mugonekeni chammbali, musaike chala, supuni kapena madzi m'kamwa mwake, ndipo m'tengereni kuchipatala. Kukomoka kobwera ndi kutentha thupi kumachitika kwa ana ena a miyezi 6 mpaka zaka 5, koma dzino silikomola mwana.

Kutsegula m'mimba

Pa madandaulo onse amene amayi amapereka, ili ndi limene lazika mizu kwambiri. Ena amafotokoza kuti mwana amameza malovu ambiri ndipo malovuwo amafewetsa chimbudzi, koma ofufuza sanapeze umboni woti zimenezi zingafike pa kutsegula m'mimba kwenikweni. Kugwirizana kumene kulipo n'kwakuti nkhama zikamayabwa mwana amaluma chilichonse, kuphatikizapo zala zimene amakwawira, nsapato ndi zidole zogwa pansi, ndipo tizilombo timalowera pamenepo. Choncho ngakhale titavomereza kuti dzino latengapo mbali, chimene chili m'matumbo ndi matenda, ndipo madzi amene mwana akutaya ndi omwewo.

Kutsegula m'mimba ndi kuchita chimbudzi chamadzi katatu kapena kuposerapo patsiku. Mwana woyamwa bere amachita chimbudzi chofewa mwachibadwa, choncho chofunika kuona ndi kusintha kuchoka pa zimene amachita masiku onse. Yambani chithandizo tsiku lomwelo. Muyamwitseni pafupipafupi, musam'mane chakudya, ndipo m'patseni madzi a ORS osungunula ndendende monga zalembedwera papaketi, mamililita 50 mpaka 100 akangochita chimbudzi ngati sanakwane zaka 2. M'mwetseni ndi kasupuni, ndipo akasanza dikirani mphindi 10 n'kuyambiranso pang'onopang'ono. Mapiritsi a zinc amafupikitsa matendawa ndi kuchepetsa kubwereranso kwake: m'patseni tsiku lililonse kwa masiku 10 mpaka 14 pa muyezo umene wachipatala wakuuzani. Mankhwala oimitsa kutsegula m'mimba a akuluakulu ndi oopsa kwa ana, ndipo mankhwala opha tizilombo otsala kunyumba asaperekedwe popanda wachipatala kulamula.

Kutha madzi m'thupi kumaoneka chonchi: maso amalowa, liwombo limalowa, m'kamwa mumauma, mwana amalira popanda misozi, ndipo thewera limatha maola 6 kapena kuposerapo lisananyowe. Tsinani khungu la pamimba n'kulisiya. Likachedwa kubwerera, madzi achepa kwambiri. Mukaona chimodzi mwa izi, kapena magazi m'chimbudzi, kapena mwana akulephera kumwa, musagone naye pakhomo. Kutsegula m'mimba kofika masiku 14 kumafunanso kuyezedwa ngakhale mwana akuoneka wamphamvu, chifukwa kumam'bweza m'mbuyo pa kakulidwe.

Makutu ndi zilonda za m'kamwa

Kupweteka kwa nkhama za kuchibwano kumamvekera kukhutu, choncho mwana wosangalala amene akungogwiragwira khutu alibe vuto. Akamatero ali ndi chimfine, akutentha thupi, akulira kwambiri pomugoneka, kapena khutu likutuluka mafinya, ndiye kuti m'khutu muli matenda.

M'kamwa yang'ananinso bwino musanaloze dzino. Kumera mano kumatupitsa malo amodzi. Nkhama zonse zikafiira, kutupa ndi kutuluka magazi, pali tizilonda palilime ndi m'milomo, mwana akutentha thupi ndi kukana kumwa, kawirikawiri ndi kachilombo ka herpes kamene kamugwira koyamba, ndipo choopsa chake ndi kutha madzi m'thupi. Zoyera zomatirira palilime ndi m'kati mwa masaya, zosachoka mukazipukuta, ndi matenda a mafangasi amene ali ndi mankhwala ake, ndipo angathe kupatsira mawere a mayi.

Mankhwala: othandiza ndi ovulaza

Ngati mwana akuvutikadi ndipo njira zina zalephera, paracetamol wa ana, amene ambiri amamudziwa kuti panado, angaperekedwe. Muyezo wake umatengera kulemera kwa mwana, mamiligalamu 10 mpaka 15 pa kilogalamu iliyonse, motalikitsa maola 4 mpaka 6 ndipo osapitirira kanayi pa maola 24. Gwiritsani ntchito choyezera chimene chabwera ndi botolo, chifukwa masupuni a m'nyumba amasiyana kukula, ndipo mankhwalawa akachuluka amawononga chiwindi. Ine ndimaona kuti mwana amene akufunika panado kupitirira masiku awiri ayenera kuonedwa ndi wachipatala, pakuti panado amatsitsa kutentha koma matenda amawasiya ali pomwepo. Ibuprofen, mankhwala ena ochepetsa ululu, asaperekedwe kwa mwana amene akutsegula m'mimba kapena sakumwa mokwanira, ndipo aspirin asaperekedwe kwa mwana n'komwe chifukwa angayambitse matenda oopsa a chiwindi ndi ubongo otchedwa Reye.

Mbiri ya mankhwala a mano a ana ndi yomvetsa chisoni. Kufikira m'ma 1950, ufa wopaka kapena kumwetsa ana omera mano unkakhala ndi mercury, chitsulo chapoizoni, ndipo unkayambitsa matenda opweteka otchedwa acrodynia, amene anatsala pang'ono kutheratu ufawo utachotsedwa pamsika. Masiku ano vuto lili pa mankhwala opaka ochititsa dzanzi. Bungwe loona za zakudya ndi mankhwala ku United States, la FDA, linachenjeza mu 2014 kuti lidocaine wamadzi asagwiritsidwe ntchito pa ana omera mano chifukwa ana ena anakomoka ndi kumwalira atamumeza, ndipo mu 2018 linati mankhwala okhala ndi benzocaine asapakidwe ana osakwana zaka 2. Benzocaine angathe kulepheretsa magazi kunyamula mpweya wabwino, mwana n'kuyamba kutuwa milomo ndi zikhadabo ndi kupuma movutikira. Bungwe lomweli linapezanso mu 2017 kuti mapiritsi ena a mano ogulitsidwa ngati achilengedwe anali ndi belladonna, chomera chapoizoni, pa milingo yosiyana ndi yolembedwa. Kuwonjezera apo, mankhwala opaka sakhalitsa pankhama chifukwa malovu amawakokolola m'mphindi zochepa, choncho phindu lake n'lochepa pamene ngozi yake ndi yaikulu.

Mikanda yovala m'khosi imene imagulitsidwa kuti imachepetsa ululu wa mano ilibe umboni uliwonse, ndipo mu 2018 FDA inachenjeza za iyo mwana wa miyezi 18 atamwalira chifukwa chokoledwa ndi mkanda wake ali m'tulo. Uchi usapakidwe pankhama za mwana wosakwana chaka chifukwa ungam'patse matenda olefula minofu a botulism. Mowa, shuga ndi ufa uliwonse wosadziwika zisafike m'kamwa mwake.

Choopsa kuposa zonsezi ndi kucheka nkhama kapena kukolowola mano amene sanatuluke. Madokotala a ku Ulaya ankacheka nkhama za ana m'zaka zakale, ndipo anasiya ataona kuti sizithandiza. Mwana akatha madzi m'thupi nkhama zimauma ndi kutuwa, timatupi ta mano osongoka timaonekera kwambiri, ndipo munthu angaganize kuti ndi timeneti tikudwalitsa mwana. Amenewo ndi mano abwinobwino amene akudikira nthawi yake. Kuwachotsa kumataya magazi, kumalowetsa tizilombo m'magazi, kungapatsire kafumbata, HIV kapena matenda a chiwindi kudzera m'zida, ndiponso kumawononga mano achikulire amene ali pansi pake, pamene matenda enieni aja akupitirira.

Mano akachedwa, akafulumira, ndiponso akatuluka

Kuchedwa kwa mano nthawi zambiri n'kwa kumtundu, ndipo ana obadwa masiku asanakwane amachedwerapo. Mwana akafika miyezi 18 alibe dzino, akaonedwe ndi dokotala wa mano. Ana owerengeka amabadwa ali ndi dzino kapena amamera m'mwezi woyamba, ndipo izi sizilosera chilichonse. Dokotala amangoona ngati likugwedera moti lingam'tsamwe, kapena ngati likucheka lilime lake. Kusintha kwa ndondomeko, monga kuyamba ndi a m'mwamba, si vuto.

Dzino loyamba likangooneka yambani kulitsuka kawiri patsiku, makamaka usiku asanagone, ndi mswachi wofewa wa ana ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride ochepa ngati kambewu ka mpunga. Mwana asagone ndi botolo la mkaka kapena chakumwa chotsekemera kukamwa, chifukwa usiku malovu amachepa ndipo shuga amakhalitsa pamano akutsogolo a m'mwamba, amene amayamba ndi timizere toyera m'mphepete mwa nkhama asanabooke. Mano amenewa adzagweruka, inde, koma omaliza amakhala mpaka zaka 10 kapena 12, ndipo ndi amene amasunga malo a mano achikulire.

Pofotokoza kuchipatala

Mukafika kwa wachipatala, musayambe ndi mawu oti mwana akudwala mano, chifukwa ofufuza apeza kuti ogwira ntchito zaumoyo ena nawonso amakhulupirira zomwezo, ndipo pa tsiku la odwala ambiri angavomereze mawu anuwo osafufuza mozama. Nenani zimene mwaona mwatsatanetsatane: tsiku limene kutentha kunayamba ndi muyezo wake, kangati wachita chimbudzi ndi maonekedwe ake, matewera angati anyowa kuyambira m'mawa, wayamwa liti komaliza, mankhwala amene mwam'patsa kale ndi nthawi yake, katemera amene walandira posachedwa, ndiponso ngati pakhomo pali wina amene akudwala. Za dzino mutchule pomalizira. Mukauzidwa kuti ndi mano chabe pamene mwana watentha kufika 38°C, muli ndi ufulu wofunsa mwaulemu ngati makutu, pakhosi, chifuwa, mkodzo ndi magazi zaonedwa, ndipo musanatuluke funsani zizindikiro zimene zikaoneka muyenera kubwerera tsiku lomwelo.